Feyitaji ya Mayi Gondwe

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale anzanga a kusukulu ya kwacha, kumene ndinaphunzira kulemba ndili kale ndi imvi.

Ntchito yanga ya ulonda itatha, mlamu wanga anandipezera ntchito kubekale ina ku Area 3. Eni ake anali Mayi Gondwe, a ku Rumphi. Poyamba ndinkangotsuka mathireyi, kenako anayamba kundionetsa chimene ankachitcha feyitaji. Akuti ndi mawu a Chifalansa, amalembedwa feuilletage, ndipo amanena za masamba. Umayala mtanda wa ufa wa tirigu, n'kuika batala wozizira pakati, kupinda patatu ngati chitenje, n'kuubweza mufiriji kuti upume. Umatero kangapo. Mu uvuni batala uja amatulutsa nthunzi, mtanda n'kudzuka timasamba topyapyala tosawerengeka. Tinkapangira mapayi a nyama, masoseji rolo ndi makeke a kasitadi. Mayi aja ankaupinda ngati sakuukhudza n'komwe, ine kukamwa yasa.

Tsiku lina mu Okutobala tinali ndi oda ya chinkhoswe ku Area 43. Mayi Gondwe anandisiyira mtanda n'kupita kukagula mazira. Magetsi anazima, firiji inafunda, batala anayamba kutuluka m'mbali mwa mtanda. Ndinapsa mtima. Ndinaukanda ndi zibakera ngati wa mandasi kuti umvere, n'kuponya mu uvuni wa gasi. Mapayi anatuluka gwa, opanda tsamba ndi limodzi lomwe.

Ndinavula ndekha epuloni poganiza kuti ntchito yanga yathera pomwepo. Pa msinkhu wanga akanandilembanso ndani?

Atabwera ananyema payi imodzi n'kusuzumira mkati.

"A Phiri, mwaumenya eti?"

"Umakana, mayi."

"Sumakana, umamva kutentha. Ukatero mumausiya kaye. Kodi manja amenewa kunyumba amateronso?"

Iwo ankaseka, koma ine ndinakhala pa thumba la ufa n'kuyamba kulira. Sankadziwa kuti mwana wanga Yohane anachoka pakhomo chifukwa cha manja omwewo. Sanafunse. Anaimbira eni chinkhoswe n'kupepesa ngati olakwa ndi iwo, ndipo tinaphika masikono m'malo mwake. Poweruka anandiponyera epuloni.

"Mawa mulawire, kusanatenthe."

Mpaka lero chinthu chikandivuta ndimayamba ndachotsapo manja.

M'mawa mwake ndinaviika manja m'madzi ozizira mpaka anachita dzanzi. Ndinapinda mtanda kamodzi, ndinaubweza mufiriji, n'kukhala pansi kudikira.