Siketi Yaitali ya Timba

Mwana wa mchimwene wanga timamutchula Timba chifukwa anabadwa wochepa thupi, koma akalira nyumba yonse inkadziwa. Mayi ake atamwalira anabwera kudzakhala ndi ine, poti bambo ake ndi dalaivala, moyo wawo ndi wa pamsewu. Ine ndine telala. Pamwamba pa shopu yanga panali chipinda chomwe gulu la ana oyimba linkaphunziriramo nyimbo, ndipo yunifolomu zawo ndinkasoka ndine. Tsiku lina ndinamutuma Timba kukapereka malaya kumeneko, mwana osabwerako. Nditakwera masitepe ndi ukali wanga wonse, ndinamupeza atamuimika pampando akuyimba, ana khumi ndi anayi ali kukamwa yasa. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Kuyambira pamenepo Timba ndiye ankatsogolera nyimbo. Ankayimba za kusamba m'manja, za kuwoloka msewu, za kamwana ka bakha kosochera. Anazungulira m'masukulu, m'zipinda za ana odwala kuchipatala, m'maphwando, kawiri konse anamveka pa wailesi. Kusukulu sizinkamuyendera, masamu anali mdani wake, koma akagwira maikolofoni ngakhale ine wouma mtima ndinkapukuta m'maso mobisa.

Mwini gululo tinkangowatchula Aticha. Sanali munthu wankhanza ayi, koma anali ndi lamulo limodzi lomwe sankalisinthira aliyense. Pa felemu ya chitseko anakhomapo msomali. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ana ankavula nsapato n'kuima pamzere, Aticha n'kumaika rula pamutu pa aliyense. Rula ikakhudza msomali, basi, wakula ameneyo.

"Anthu amaitana ana, saitana zimphona," ankatero akuseka.

Mwana wotereyo ankabweza yunifolomu tsiku lomwelo n'kutsika masitepe, anzake akumuyimbira nyimbo yotsanzikana. Ine ndili pa makina pansipo ndinkaimva nyimboyo, ndipo ndinkadana nayo koopsa.

Timba ankauopa msomali umenewo kuposa njoka. Lachisanu loti mawa ayezedwa sankalawa kanthu. Atakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri anayamba kumeta mpala, ati tsitsi likumuyabwa. Ndinangoseka, chitsiru ine. Kenako anabwera ndi pempho.

"Azakhali, siketi yangayi muitalikitse, izifika m'mapazi."

"Wasanduka agogo liti iwe?"

"Maondo angawa ngonyansa."

Telala sumunamiza pa nkhani ya msinkhu. Ndinadziwa pompo kuti akufuna azipinda maondo mkati mwa siketi Aticha osaona. Koma nditamuyang'ana m'maso ndinaona mantha okhaokha, ndipo ndinasoka. Ndinasokeranso atsikana onse a m'gulumo zazitali zomwezo, n'kuuza Aticha kuti ndi mmene akuvalira masiku ano. Mumtima ndinkati ndikuthandiza mwana wamasiye. Kalanga ine!

Ndinkayesa kuti azipinda pa tsiku loyezalo lokha. Koma Aticha anali ndi maso, ndipo mwana sangakhale wamfupi Loweruka n'kutalika Lolemba. Choncho Timba anayamba kuyenda chopinda tsiku ndi tsiku. Pa siteji chopinda, pa masitepe chopinda, mumsewu chopinda kuopa kukumana ndi Aticha, mpaka m'nyumba momwe anazolowera. Pogona ankadzipinda ngati bongololo. Chakudya ankangotolako pang'ono, chotsalacho n'kupatsa galu wa oyandikana nawo. Ndinakalipa, ndinanyengerera, ndinaopseza kuti ndiwaimbira foni bambo ake. Yankho linali limodzi: "Ndakhuta, azakhali."

Zinapitirira choncho zaka ziwiri, anthu akumuombera m'manja kulikonse. Chimene chinanditsegula maso ndi tepi yanga yoyezera. Ndikumuyeza yunifolomu yatsopano, ndinapeza kuti chiuno cha mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi ndi chaching'ono kuposa mmene chinalili ali ndi zaka khumi. Ndinayezanso poganiza kuti tepi yapotoka. Zala zanga zinkawerenga nthiti zake pamwamba pa bulauzi. Manja ake anali ozizira, kunja dzuwa likuswa mtengo.

"Mwana iwe, ukufuna undifere m'manja?"

"Mwezi umodzi wokha, azakhali. Tikangoyimba ku holo yaikulu ija ndiyamba kudya."

"Mwezi wathawu unanenanso zomwezi!"

"Nanga akandichotsa pamwambapo ndidzakhala ndani ine?"

Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire, chifukwa ndinaona kuti mwanayu atha kufa ndithu, ndipo nsalu yobisa matendawo ndinasoka ndine ndi manja angawa. Ndinkadziwanso kuti ndikaulula, ndamulanda chinthu chokhacho chimene ankadzionera kuti ndi munthu. Masiku atatu mizere inkangokhota pa makina, makasitomala mpaka kundifunsa ngati ndikudwala.

Loweruka litafika ndinasiya makina n'kukwera masitepe. Ana anali pamzere opanda nsapato. Timba atandiona pakhomo nkhope yake inagwa. Nthawi yake itakwana anaima pa felemu, Aticha anaika rula pamutu, ndipo pakati pa rula ndi msomali panatsala mpata wa chala chimodzi.

"Timba wathuyu ndiye sakula, tikalamba naye," anatero Aticha akuseka. "Wotsatira!"

"Dikirani kaye, Aticha," ndinatero.

Ndinagwada pamaso pa mwanayo n'kukweza siketi mpaka m'maondo. Timiyendo tiwiri toonda, topindika, tikugwedezeka ndi kutopa. Aticha rula inawapulumuka m'manja.

"Mayi, zimenezi zayamba liti?"

Maso anga anali pa mwana.

"Timba, wongoka. Imirira bwinobwino mwanangu, zatha."

Ndinkayembekezera kuti anditukwana kapena athawa. Sanatero, ndipo sanalire. Anagwira felemu ndi manja onse awiri n'kuyesa kuwongola maondo. Thukuta linatsika pamphumi pake. Anayesanso ataluma mlomo, anzake onse akumuyang'ana. Kenako anaweramira kwa ine ndili chigwadire, nanong'ona:

"Azakhali, ndikuyesa. Akukana."