Chifuwa cha Hatchi ya a Grain

Ku lokeshoni ya Mamelodi, ku Joni, kunalibe munthu wosawadziwa a Grain Mwale, Mnyasa wogulitsa malasha pa ngolo. Kwawo ku Ntcheu anachokako ali mnyamata, Joni n'kuwameza. M'zaka za m'ma 1970, kukayamba kuzizira, mawu awo ankafika ngolo isanaoneke, amayi n'kumatuluka ndi zidebe. Hatchi yawo anaitcha Bwanamkubwa, ati chifukwa inkayenda ikafuna yokha.

Malonda ankayenda ndithu, koma malasha omwewo ndiwo ankafukiza lokeshoni yonse. Madzulo nyumba iliyonse ikayatsa sitovu ndi mbaula, utsi unkangoti khwathi pamwamba pa malata, osakwera, osachoka. A Grain ankachita kuunyadira. "Mukuuonawo ndi ndiwo zathu, mayi," ankatero kwa akazi awo, mayi Falesi.

Pofika 1983 chifuwa chinawakakamira. Ankagona chokhala, m'chifuwa mukulira ngati ketulo. Dokotala wa ku kiliniki sanawabisire mawu: mwaye umene umadetsa kolala ndi wochepa, choopsa ndi fumbi losaoneka la mu utsi, limene limalowa mpaka pansi pa mapapo n'kukhazikika. Akapitiriza kulipuma, mpweya udzawathera.

Mchimwene wa mayi Falesi anali ndi malo ku Hammanskraal, kutchire kopita mphepo, ndipo anawaitana. A Grain anakana kwamtuwagalu. "Ndadya utsi zaka zonsezi, lero ndiye undiphe?" Makani ake, abale inu, munthu ameneyu!

Mayi Falesi anali ndi mantha kwambiri, koma amuna awo ankawadziwa bwino. Za chifuwa anasiya kuzitchula. M'mawa wina a Grain akumangirira ngolo, Bwanamkubwa anatsokomola, monga ankachitira nyengo yozizira iliyonse.

"Bambo a Theresa, mwamumva mnzanuyo?" anatero mayiwo akusesa. "Inu zanu n'zanu, munasankha nokha. Koma uyu analakwanji?"

A Grain anaika khutu panthiti za hatchi, anamvetsera, nkhope n'kugwa. Sabata lomwelo anayamba okha kulongedza katundu, uku akudzudzula akazi awo kuti ndi ouma mtima, chiweto chikudwala iwo ali chete. Mayi Falesi anapepesa mwaulemu, n'kukasekera kuseri kwa nyumba.

Ku Hammanskraal ngolo inasiya malasha n'kuyamba kunyamula migolo ya madzi. Mapapo owonongeka sabwerera mwakale, ndipo a Grain kutsokomola sanasiyiretu, koma kunachepa. Aliyense wofunsa ankamuuza kuti anasamuka chifukwa cha hatchi, n'kumuonetsa mmene yanenepera.

Masana ena mayi Falesi akuchokera kochapa anawapeza a Grain pansi pa mtengo, atagona chagada, ali phee, m'chifuwa mulibe ngakhale kamluzu. Anataya beseni n'kuwagwedeza ndi manja onse awiri.

A Grain anatsegula diso limodzi. "Kodi mayi, munthu asagoneko?"

Mayi Falesi anakhala pansi pomwepo, misozi ili mbwembwembwe, chikhalirecho akuseka.

"Gonani, bambo," anatero. "Kungoti sindinazolowere."