Motoka Yofiira Imene Inandidya Nsidze

Ndikukumbukira kuti chinayamba ndi kutsokomola. Motoka yofiira, yafupi ngati bedi, ya mipando iwiri, yopanda denga, inaima pabwalo pathu ku Chawama n'kumati phu! phu! Kenaka phwaa! Amai ogulitsa vitumbuwa pamsewu anathawa n'kusiya mafuta pa mbaula, akuti mfuti.

Atate anali makanika wa pansi pa mtengo wa mango, ndipo motokayo inali ya mkulu wina wa sitolo ku Kamwala. Atate ankati motoka ikaphulika kumbuyo ndi utsi wakuda, petulo wachuluka. Ikayetsemula kutsogolo, pa kabureta, ikumwa mphepo yambiri, petulo wachepa. Yathu inali yoyetsemula. Anachotsa sefa ya mphepo n'kundiitana, ine wa giredi folo.

"Iwe Tisa, kadzanja kako kalowa bwino. Tseka apa pang'ono, timvele ngati izasintha."

Ndinatseka monyada, kamutu kali m'boneti kuti ndione zonse. Analiza injini. Inandiyamwa chikhatho ngati mwana wa ng'ombe, ndinachita mantha n'kuchotsa, ndiye lawi labuluu lija, vuu! Sindinapse khungu, koma ndinanunkha ngati nkhuku yowaula. Nsidze zonse zinapita, ndevu za atate zinatsala mbali imodzi. Amai anga anatulukira ndi chitenje chonyowa, n'kukalipira atate.

"Bashi Tisa, mwana wanga ni chivinikilo?"

Atate anangoti, "Koma mwamvela, inalila bwino."

Kusukulu anandiitana Kabureta mpaka nsidze zinamera. Ndinkajambula zina ndi khala, thukuta n'kumazitsitsira m'maso.

Lero motoka amaziyeza ndi kompyuta, ndinkati zoterezi zinatha. Koma amuna anga akokera pakhomo pathu ku George chimotoka chonga chomwe chija, akuti chizinyamula akwati. Chikaphulika, wakhanda amadzidzimuka kumsana, ine maso pa Daliso, mwana wanga woyamba, amene sachoka pa boneti. Sabata yatha ndili kuchapa ndinamva amuna anga akuti, "Daliso, bwela na kadzanja kako." Sindinapukute ndi sopo yemwe. Ndinamukoka ndi malaya mpaka m'nyumba, batani n'kuduka.

M'mawa mwake bambo a Daliso atapita kuntchito, ndinamasula batire ndekha n'kuibisa kuseri kwa kabati. Ndinawauza poyera kuti idzatuluka tsiku limene motoka idzachoke pakhomo. Akali kunyinyirika, koma magetsi akapita, batire yomweyo ndi imene imatiyatsira babu, ndipo iwo ndi amene amayamba kulumikizapo foni.