Ndalama ya pa chulu

Fungo la lupsa likandifika m'mphuno, mpaka lero ndimamva kulira kwa makina a a Mwanza. Inali nyengo yososa, nthaka ikuwotcha kumapazi, ndipo ine ndinali kamtsikana ka giredi folo m'mudzi wina wa kwa Nyalugwe. Ife tinali obwera. Tinathawa nkhondo ku Tete ndili wamng'ono, bambo anatsala komweko osamvekanso, ndipo a Lungu, bambo wina wa m'mudzimo, anabwereka amayi kamunda ka miyala kokhala ndi chulu pakati. Nkhondo itatha malole anabwera kudzatenga anzathu othawa nkhondo kubwerera nawo kwawo, koma amayi anakana kukwera, ati sangasiye munda wawo. Chinkandidabwitsa n'chakuti anthu onse ankadzala maungu pa zulu zawo, koma pa chulu chathu amayi sankakhudzapo khasu.

Zaka zimenezo zipani zinali zitachuluka, ogula zinthu nawonso anachuluka. Depoti ya chimanga inatsekedwa, m'malo mwake munkadutsa anthu a njinga ogula chilichonse, zikopa, timiyala tonyezimira, ngakhale mapoto obooka. A Mwanza a ku Petauke anali mmodzi wa iwo, munthu wa pakamwa pokoma ndi nsapato zosongoka. Iwo anabwera ndi makina ofufuzira zitsulo m'nthaka, ooneka ngati mbale yomangirira kundodo, n'kumauza anthu kuti azungu akale ankakwirira chuma m'zulu. Anayenda m'minda yambiri natola misomali ndi zidutswa za makasu, ife ana tikuwaseka kumbuyo.

Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo makinawo analira m'mphepete mwa chulu chathu, pomwe mvula inali itakokolola dothi. A Mwanza anapala pang'ono ndi mpeni natulutsa kanthu kobulungira, kakuda bii. Anakalavulira, nakapukuta pa thalauzi, ndipo kanawala motuwa.

"Iyi ni siliva," anatero. "Ngati pali mutu wa mfumu ya Angelezi, pansi apa pali mphika wonse."

A Lungu sanachedwe kufika. Sanali munthu woipa, koma chaka chimenecho analibe feteleza, ndipo maso awo anafiira. "Amai, musaiwale kuti munda uyu ni wanga," anauza amayi. "Munabweleka chabe." Amayi anayang'ana kandalamako kamodzi kokha, n'kukhala pansi pa dothi lotenthalo.

Vuto linali lakuti ndalamayo inali yoperepeseka, yosalala ngati mwala wa mumtsinje. Amuna awiriwo anaikwecha ndi phulusa, anaiviika m'madzi a ndimu, anaipendeketsa padzuwa. A Lungu ankaonapo ndevu, a Mwanza ankaonapo chisoti, aliyense ankaona chomwe mtima wake unkafuna. Kwathu kunali zii. Amayi ankaphika koma osadya, m'mawa uliwonse ankapita kumunda ndi khasu n'kubwera nalo lopanda dothi. Ine ndinkaopa kuti munda ukapita, lole itibwerera.

Pomaliza amuna aja anandipatsa ine ndalamayo, ati maso a mwana ndi akuthwa. Ndinaiika pansi pa pepala n'kukanda pamwamba ndi pensulo monga tinkachitira ndi timakobidi ta mangwee kusukulu. Mutu sunatuluke. Panatuluka kachishango kokhala ndi timadontho, kumbali inayo chinthu ngati mtanda. Chakumphepete kunali kadontho kakuda, ndipo nditakatokosa ndi munga, dothi linagwa, panatsala kabowo. Ndinakumbukira ulusi wakuda pakhosi pa amayi, ndi kandalama komwe ndinkaseweretsa ndili kumsana, komwe iwo ankakasisita ndi chala mfuti zikamalira panjira. Kanasowa dzinja lathu loyamba kuno, amayi atadwala ali ndi mimba yaikulu, azimayi n'kunditsekera panja. Ndinathamanga kukaonetsa amayi kabowoko, koma anangonditseka pakamwa ndi dzanja lawo lonunkha utsi.

A Mwanza atamva kuti mutu palibe anapsa mtima, nati mwana sadziwa kanthu, akumba basi. M'mawa mwake anafika ndi a Lungu, mapiki ali paphewa. Amayi anaima patali, nsalu ataluma. Piki yoyamba itagwa kuti khu, anagwira pamimba ngati yawakhapa iwo. Ine sindinathe kupirira.

"Ni ya amai anga!" ndinakuwa. "Inali pakhosi, onani bowo!"

"Nanga inafika bwanji pansi?" a Mwanza anaseka.

Nthawi yomweyo ankafika amayi a Lungu, akazi awo a mwini mundayo, ndi chigubu cha munkhoyo woti okumbawo amwe. Anali atangobwera dzulo lake kuchokera ku Nyimba komwe ankadwazika mwana wawo, ndipo sankadziwa kuti chulu chokumbidwacho ndi chimenechi. Anatula chigubu, nanditenga ndalamayo m'manja, nayang'ana bowo lija. Kenaka anayang'ana amayi nthawi yaitali.

"A Lungu, ikani piki pansi," anatero motsitsa mawu. "Apa sipakumbidwa. Ni nkhani ya azimai, nenze konkuno ine."

A Lungu anayang'ana dzenje, anayang'ana amayi, navula chipewa. Anakankhira dothi m'dzenjemo ndi manja, osati ndi khasu. A Mwanza anang'ung'udza za ulendo wawo wopita pachabe, ndipo anamanga makina awo panjinga. Azimayi awiriwo anatiuza tonse kuti tichoke, ndalamayo sindinaionenso.

Nyengo yonseyo ndinkayenda modzitama, ndikuti ndapulumutsa munda ndi pensulo. Ndinkaganiza kuti a Lungu anasiya chifukwa ndalamayo inali ya Chipwitikizi, yopanda mtengo. Ndinali nditakwatiwa kale pamene amayi a Lungu, mmodzi wa azimayi onditsekera panja aja, anandiuza kuti mwana wobadwa wakufa saliridwa maliro, sapatsidwa dzina, amaikidwa ndi azimayi okha, dzenje losazama, amuna osauzidwa malo. Amayi analibe nsalu yatsopano yomukulungira, ndiye anamuvulira chomwe anali nacho pakhosi. Ine ndinkati anakana lole chifukwa cha chimanga cha m'kamunda ka miyala kaja, chomwe sichinkatifikitsa ndi ku dzinja komwe. Sindinkadziwa kuti pa chulu paja panagona mlongo wanga.