Zitini Zopanda Mapepala

Chaka chatha ndinataya mkazi wanga. Kenako makatani a pabalaza, makina osokera, mapoto, zitenje zonse, ndi zitini za nyama zimene zinali pa shelefu kukhitchini. Izi zinapita ku Petauke maliro atatha, abale ake atagawana katundu monga mwa mwambo. Galu panalibe womufuna, choncho anatsala ndi ine.

Zitinizo zinali za galuyo. Nyumba yathu ili ku Kasanda, kumene dothi lili ndi mtovu wa mgodi wakale, ndipo mkazi wanga sankafuna kuti galu azitola chakudya m'fumbi. Ankamudyetsera pa thabwa, ndipo Loweruka ankamutsegulira chitini cha nyama ya agalu yochokera kunja, yogula m'tauni. Koma ankachita nazo manyazi. Kuno galu amadya mkute wa nshima, ndipo ana a m'nyumba zoyandikana nafe nyama amaiona mwa apo ndi apo. Ndiye akafika nazo kunyumba ankazinyika m'madzi n'kumatula mapepala onse okhala ndi chithunzi cha galu. Pa shelefu pankatsala zitini zonyezimira, zosalembedwa kanthu m'mbali. Tsiku logawa katundu zinalowa m'thumba la apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga. Mkamwini salankhula pa nthawi ngati imeneyo, komanso mutu wanga sunali pa zitini.

Patapita miyezi, mnzanga amene timaphunzitsa naye sayansi ku sekondale ananditumizira uthenga pa foni. Kampani yopanga nyama ija mkazi wanga ankagula inali kupempha kuti zitini zina zibwezedwe, chifukwa m'nyamamo munapezeka mankhwala amene madokotala a ziweto amabaya chiweto chodwala kuti chife mosamva ululu.

Choyamba kundigwira chinali chidwi. Mankhwala ophera nyama angalowe bwanji m'chakudya cha nyama? Ndinapalasa njinga kupita kwa dokotala wa ziweto m'tauni. Anandifotokozera kuti kumayiko kumene amapanga zakudyazi, hatchi kapena ng'ombe yobayidwa motero nthawi zina imasakanikirana ndi nyama yopita kufakitale, ndipo moto wophikira suwononga mankhwalawo. Galu akadya amadzandira ngati woledzera, kenako tulo, ndipo ena sadzukanso. Anandionetsanso kuti nambala yozindikirira zitini zoipazo sikhala papepala, amaidinda pansi pa chitini penipeni. Ndinali nditatsegula zitini moyo wanga wonse osadziwa ntchito ya timanambala timeneto.

"Nanga munthu akadya?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Aphunzitsi, zinthu zafika pamenepo kunyumba?"

Ndinaseka naye, koma maganizo anali atafika kale ku Petauke.

Apongozi ndinali ndisanawaimbirepo foni ndekha. Mkazi wanga ndiye ankalankhula nawo, ine n'kumapereka moni chapatali. Ndinaima pansi pa mtengo panja pa ofesiyo, ndinaimba.

"Amayi, zitini zija munatenga kuno, zikadalipo?"

"Zilipo, bambo. Ndasungira alendo obwera ku Misa ya chikumbutso. Mukuzifuna?"

"Iyayi. Koma musatsegule."

"Chimodzi mlamu wanu anadya kale. Akuti mchere unachepa."

"Ali bwino?"

"Ali kudimba uko. Kwagwanji?"

Ndinawapempha kuti atembenuze zitinizo n'kundiwerengera manambala. Anatuluka nazo padzuwa, nawerenga pang'onopang'ono, chimodzichimodzi. Ena mwa manambalawo anafanana ndi a mu uthenga uja. Ndinawauza kuti nyamayo ili ndi mankhwala oopsa, aponye zonse m'chimbudzi.

"Chakudya chimene anagula mwana wanga, m'chimbudzi? Nyama ikakayikitsa timaiwiritsa kawiri, bambo. Inu ophunzira mumaopa zambiri."

"Moto suchotsa mankhwala amenewa, amayi."

"Ndidzalawa ndine poyamba."

Mawu awo ndinkawadziwa, anali ngati a mwana wawo akatsimikiza chinthu. Sayansi yanga inathera pomwepo. Chimene chinatsala ndi chija mkazi wanga ankabisa ndi madzi ndi zikhadabo.

"Amayi, nyamayo ndi ya galu. Ankagulira galu. Mapepala ankachotsa kuti anthu asaone."

Ndinkamva nkhuku zokha kumbali kwawo. Kenako anaseka, kuseka kotsika, kotalika, mpaka kutsokomola.

"Galu wodya za m'chitini. Mwana wanga uja anayamba kalekale. Ali wamng'ono ankaba kapenta m'nyumba muno kukapatsa amphaka a eni." Anapumira. "Ndikataya pompano. Koma mlamu wanu musamuuze. Ndimuuza ndekha, anthu ali pomwepo."

Ndinathokoza, ndikufuna kutsazika, koma iwo sanadule.

"Bambo, pa maliro paja sindinathe kukufunsani. Kuchipatala munali naye ndinu. Ananenapo kanthu?"

Ambiri anandifunsapo funso limeneli, ansembe omwe, ndipo ndinkayankha kuti anali wofooka, chifukwa ndinkaona kuti akuyembekeza mawu a pemphero. Apongozi ndinawauza mmene zinalili. Masana a tsiku lomaliza mkazi wanga anatsegula maso, anandipeza pa mpando womwe anandisiya m'mawa, anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo anati:

"Inu mwangokhala pano. Nanga uja kunyumba wadya?"