Chala Chimene Ndinasiya ku Kasenengwa

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinataya theka la chala changa chamkombaphala cha kudzanja lamanja. Anthu akachiona amafunsa ngati ndi makina kapena chitseko cha minibasi. Ndimayankha kuti ndi mbewa, ndipo amaseka, makamaka Abemba a kuntchito kwathu, amene salola tsiku kudutsa osatikumbutsa kuti ife a kummawa timadya makoswe. Ndimawakonza. Khoswe ndi wa m'nyumba ndipo sadyedwa. Mbewa ndi ya kutchire, imadya chimanga ndi mtedza, ndipo ndi ndiwo yolemekezeka. Pamenepo ndimanena zoona. Koma za chala zija ndi yankho limene ndinaphunzitsidwa.

Atate anga anali kalaliki pa sitolo ina mu Chipata. Atamwalira, amayi anapeza ntchito ya m'nyumba kwa anthu amene sankalola wantchito kukhala ndi mwana. Choncho ananditumiza kwa akulu awo ku Kasenengwa, kumudzi kumene onse awiri anabadwira. Amuna a amayi aakuluwo anali a Sakala, mkamwini pamudzipo, mlimi wa thonje ndi chimanga. Ndinkawaitana kuti atate. Anali ndi mwana wamwamuna wa msinkhu wanga, dzina lake Yotamu.

Ndinafika mu Juni nditavala nsapato. Ndi mwezi umene mphepo imatsika m'mapiri mmawa ndi kung'amba milomo ndi zidendene. Sindinkadziwa kugwira khasu, mbuzi zinkandithawa, ndipo mtolo wa nkhuni unkandigwera m'njira. Palibe amene ankandimenya. Ankangonditchula kuti "wa ku tauni", ndipo pa chakudya ndinkasamba m'manja pomalizira, madzi atada kale. Tsiku lina ndinamva a Sakala akuuza mnzawo kuseri kwa nkhokwe kuti alandira kamwa lopanda manja.

Kwathu nyengo ya mbewa imayamba anthu akakolola ndipo imatha mvula ikagwa. Amatentha udzu, ndipo pa lupsa phulusa limaonetsa timapazi tonse. Mbewa imakhala mu una, dzenje lopita mokhotakhota pansi pa nthaka. Una uliwonse uli ndi mbuli, kakhomo kobisika kothawirapo, kotsekedwa ndi dothi lopyapyala. Wina amaima pa mbuli ndi ndodo, wina amakumba. Mitundu yambiri imathamanga, koma kapuku, wonenepa uja, amagona nyengo yonse yozizira ndipo amamupeza atadzipinda ngati mpira. Zikagwidwa amazitumbula, kuziwiritsa ndi mchere, kuziwamba pamoto, ndi kuzipana pa mpani wa nsungwi.

A Sakala anali katswiri pa ntchitoyi, ndipo mbewa zawo zinkapita kukagulitsidwa kumsewu waukulu wa ku Lusaka. Vuto lawo linali limodzi. Khasu likafika kuchipinda chomaliza limadula mbewa, ndipo ogula a pa basi safuna yoduka. Amafuna yathunthu, mutu ndi mchira womwe. Kuti ituluke yathunthu pamafunika dzanja.

Tsiku loyamba kupita nawo ndinanyamula thumba. Atakumba una wina mpaka pafupi ndi mapeto, anaika khasu pansi n'kundiyang'ana.

"Tabwera kuno, wa ku tauni. Tione mkono."

Anazunguliza zala ziwiri pa mkono wanga, zala n'kukumana.

"Uwu ndiye mkono. Mulungu anaupangira ntchito imeneyi. Gona chafufumimba, upise."

Ndinagona, phulusa likulowa m'mphuno, n'kulowetsa mkono mpaka paphewa. Dothi la mkati linali lozizira. Kenako zala zinakhudza ubweya wofunda ndi kamtima kogunda msanga. Ndinatulutsa kapuku, kenako wina, kenako wina. Madzulo a tsikulo a Sakala anasankha wonenepa kuposa onse n'kuika m'mbale yanga anthu onse akuona.

"Lero tadya chifukwa cha Kadzanja," anatero.

Dzinalo linakhazikika. Ndinayamba kusamba m'manja wachiwiri, pambuyo pa iwo. Amayi aakulu anandisokera kabudula. Anyamata a pamudzi anasiya kundiseka za nsapato. Mbewa zinkandiluma kawirikawiri, ndipo zala zanga zinadzaza timabala, koma ndinkationetsa kwa aliyense monga mmene msilikali amaonetsera nyota zake.

Ntchito ya Yotamu inali kuima pa mbuli ndi ndodo. Zinkamupweteka kuona ine ndikutamandidwa. Tsiku lina anataya ndodo n'kugwada pa una, ati nayenso apise. Atate ake anamumenya khofi mwakuti anagwera m'phulusa.

"Mkono wako ndi chipika iwe. Bwerera pa mbuli."

Ndinamumvera chisoni pang'ono, koma kunena zoona ndinanyada kwambiri.

Zinachitika mu Ogasiti, mwezi wa mphepo ndi akamvuluvulu. Tinali m'munda wakale wa mtedza, pafupi ndi chulu. Una umene a Sakala anapeza unali ndi timapazi takale, tofufutika ndi mphepo, ndipo pakhomo pake panali posalala. Anagwada nthawi yaitali. Ananunkhiza dothi. Analowetsa kamtengo, n'kukatulutsa, n'kukayang'ana, n'kukalowetsanso. Sankachita zimenezi pa una uliwonse. Anakumba pang'ono, kenako anabwerera m'mbuyo.

"Kadzanja, pisa."

Ndinapisa. Sindinapeze ubweya. Chinthu china chosalala chinayenda pansi pa chikhato changa, ndipo ndinamva ngati singano yoika pamoto yalowa kumbali kwa chala. Nditatulutsa dzanja panali kabala kamodzi kokha, kakang'ono ngati kobaya munga. Mbewa ikaluma imang'amba khungu ndipo magazi amatuluka. Zimenezo ndinkazidziwa bwino.

"Atate, si mbewa iyi."

"Wayamba liti kudziwa mbewa kuposa ine?"

Anatenga khasu n'kukumba mwamphamvu. M'dothi munatuluka njoka yaifupi, yakuda bii, yonyezimira, yosaposa chala changa kunenepa. Anaidula, n'kuikankhira m'dzenje ndi phazi, n'kufotsera. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Yotamu, waona chiyani?"

"Palibe, atate."

"Mbewa yamuluma. Mwamva nonse? Tiyeni, dzuwa likupita."

Sitinabwerere kumudzi. Tinapita ku una wina, ndi winanso. Ine ndinanyamula thumba ndi dzanja lamanzere, lamanja nditalikweza m'mwamba chifukwa likatsika linkagunda ngati ng'oma. Ndinasanza pansi pa mtengo wa msuku. A Sakala anadikira kuti ndimalize, n'kundiuza kuti ndisaiwale thumba.

Chifukwa chimene anabisira njoka ndinachimvetsa nditakula. Iwo anali mkamwini. Mudzi unali wa akazi awo, ndipo ine ndinali mwana wa mbumba ya pamudzipo. Zikanamveka kuti alumitsa mwana wamasiye kwa njoka, amalume akanakhala pansi, mlandu ukanazengedwa, ndipo mwina akanauzidwa kunyamula khasu lawo ndi kubwerera kwawo. Bala la mbewa lilibe mlandu. Mwana aliyense pamudzi anali nalo.

Kunyumba amayi aakulu anayang'ana chala, n'kuyang'ana amuna awo, osafunsa kanthu. Anathira mchere pabala n'kumanga ndi kansalu. Mmawa mwake dzanja linali litatupa mpaka pa chigongono. Tsiku lotsatira chala chinatuluka matuza, kenako chinayamba kuda. Anthu obwera kudzazonda ankauzidwa kuti ndi mbewa, ndipo ena ankati mwana wa ku tauni magazi ake ndi ofooka. Fungo litayamba kumveka, amayi aakulu anapempha mnyamata wina wa njinga kuti anditengere ku chipatala cha mishoni. Iwo anatsatira wapansi.

Namwino anamasula kansalu n'kufunsa chimene chinandiluma.

"Mbewa," anatero amayi aakulu.

Namwino anayang'ana ine.

"Mbewa," ndinatero.

"Mbewa imeneyi iyenera kuti ilibe miyendo," anatero namwino, n'kukaitana dokotala.

Dokotala anatenga cholembera n'kujambula mzere pa dzanja langa, pamene kutupa kofiira kunalekezera. Anauza amayi aakulu, ine ndikumva, kuti chala chapita kale, ndipo kuola kukadutsa mzerewo adzadula dzanja lonse. Mmawa uliwonse ndinkadzuka anzanga a m'wodi asanadzuke, n'kukweza dzanja kuwindo kuti ndione mzere. Sindinkaganiza za sukulu kapena za kulemba. Ndinkaganiza kuti ndikataya dzanja ndidzabwerera kukasamba m'madzi akuda.

Kuola sikunadutse mzere. Anadula chala pa mfundo yachiwiri, ndipo dzanja linatsala.

A Sakala anabwera kudzandiona pamodzi ndi Yotamu. Anabwera ndi mpani wa akapuku, wokulunga m'nyuzipepala, ndipo anagawira odwala a mabedi oyandikana. Anthu anawayamikira kuti ndi bambo wosamala. Kenako anakhala pa bedi langa, n'kugwira mkono wanga wamanzere, n'kuzunguliza zala ziwiri zija.

"Lamanzere lilipo, si choncho Kadzanja? Uchire msanga. Mvula isanagwe tikhala titabwerera."

Ndinavomera ndi mutu, ndipo mtima wanga unakhala pansi. Ankandifunabe.

A Sakala atatuluka kukacheza ndi munthu wina wa kumudzi kwawo, Yotamu anatsala. Anayang'ana bandeji. Kenako anapinda malaya, n'kuika mkono wake pa bulangeti pafupi ndi wanga wamanzere.

"Taona," anatero.

Ndinayang'ana. Mkono wake unali waung'ono kuposa wanga. Kusiyana kwake kunali koonekeratu, ndipo kunalipo kuyambira tsiku limene ndinafika.

"Amama anawauza kalekale atate kuti ndikadzangopisa mu una, adzawathamangitsa pamudzi. Akuti m'mauna mumakhala njoka. Mbale wawo wina anafa nazo ali mwana."

"Nanga ine?"

Yotamu anatsitsa mkono wa malaya.

"Za iwe sananene kanthu."

Sindinalire pamene njoka inandiluma, ndipo sindinalire pamene ndinadzuka n'kupeza chala palibe. Ndinalira tsiku limenelo, nditafunda bulangeti kumutu, fungo la akapuku lili m'wodi monse.

Amayi anafika uthenga utawapeza. Ndinawauza zonse, za njoka, za khasu, za mkono wa Yotamu. Sanakalipe. Anayang'ana akulu awo, amene anali atakhala pansi pafupi ndi khomo, n'kunena kuti, "Akulu, munandibereka kumsana ine." Amayi aakulu anayang'ana pansi. Titatuluka m'chipatala tinapita ku Chipata. Amayi anasiya ntchito ija, n'kuyamba kugulitsa tomato pamsika, ndipo tinkagona m'kachipinda kamodzi kodontha. Mlandu sunazengedwe. Amalume anati mwana wachira, palibe chifukwa chopasulira banja. A Sakala anamwalira atakalamba, pamudzi pomwepo. Pa maliro awo, amene ndinapitako, mlaliki ananena kuti anali munthu wodyetsa ana amasiye.

Nditayamba ntchito ya utolankhani ndinafufuza za njoka ija. Imakhala pansi pa nthaka ndipo imalowa m'mauna kukadya tiana ta mbewa. Siyasama poluma. Imatulutsa dzino limodzi kumbali kwa kamwa n'kubaya cham'mbali, n'chifukwa chake kabala kanali kamodzi. Kawirikawiri sipha munthu, koma imaoletsa chala. Alenje a mbewa amaidziwa, ndipo amadziwa kuti una wosalala pakhomo, wopanda timapazi tatsopano, supisidwa. A Sakala anagwada pa una uja nthawi yaitali. Sanalakwitse kuwerenga dothi. Anangoona kuti mwina muli mbewa, mwina muli njoka, ndipo anali ndi dzanja loyesera.

Mbewa ndimadyabe, ndipo Mbemba aliyense wondiseka ndimamuyankha za anyani amene amadya kwawo. Basi ikaima pamsewu wa ku Lusaka, anyamata n'kukweza mipani kumawindo, ndimagula. Koma ndimayamba ndayang'ana zala za wogulitsa, ndipo mbewa zikakhala zathunthu bwino ndimafunsa amene amapisa. Kawirikawiri samanditchulira mwana wa mwini khasu. Amati ndi kamwana ka achemwali, kapena kamnyamata kamene tikusunga, ndipo amawonjezera kuti n'kochenjera kwambiri.

Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti munthu wamkulu akamatamanda mwana pa ntchito imene salola mwana wake kuigwira, kutamandako ndi malipiro a ngozi imene sanaitchule. Mwana wosowa pokhala amalandira malipiro amenewo ndi manja awiri, ndipo amathokoza.

Kunyumba kwanga ndikusunga mwana wa malemu mlamu wanga, msungwana wa zaka khumi, dzina lake Esinati. Ndi wachangu kuposa ana anga, ndipo akamva kuti pali chofunika kugwira amadumpha asanatumidwe. Mwezi watha kapu inagwera kuseri kwa mulu wa nkhuni, pamalo amdima. Ndinamva mkazi wanga akuti, "Tumani Esinati, mkono wake ndi waung'ono." Sananene ndi mtima woipa, ndipo Esinati anali atagwada kale, akumwetulira.

Ndinamuimiritsa. Tinaphwasula mulu wonse, nkhuni imodzi imodzi, ana onse pamodzi. Munalibe kanthu, kapu yokha.