Mapiritsi a Lachisanu

Andipempha kuti ndilembe za alamu anga, amene tonse tinkawatcha aTelala, koma mtima sukukhazikika. Pepala ndang'amba kale kawiri.

Anakula ali amasiye kwa amalume awo, akugona pansi pa tebulo lodulirapo nsalu. Kumeneko anaphunzira kupalasa makina ndi kugwada. Zaka makumi anayi anasoka mayunifolomu a kwaya ndi nsalu za paguwa. Lachitatu ndi Lachisanu ankasala kudya, osalawa ngakhale madzi mpaka dzuwa kulowa. "Mimba ikakhala chete, Mulungu amamveka," ankatero.

Atafika zaka makumi asanu anawapeza ndi matenda othamanga magazi, n'kuwapatsa mapiritsi omwa m'mawa uliwonse. Masiku osala sankamwa. Nthawi ya Lenti ndiye osanena. Ine ndinkadziwa. Ndinkawaona akuponya piritsi m'kabati ya makina, mmene ankasungamo mabatani, ndipo ndinkangoti, "Alamu, koma ndiye mwakhwima pa chikhulupiriro!" Ndinkawachemerera. Izi n'zimene zikundisowetsa mtendere.

Kenaka miyendo inayamba kutupa, nsapato osalowa. Akapalasa makina pang'ono, wefuwefu. Dokotala atawaunika anajambula mtima papepala.

"Bambo, mtima wanu wakhala ukukankha magazi movutikira kwa zaka zambiri. Mnofu wake wakhuthala, waumanso, malo olowa magazi achepa. Sukudzadza bwino, ndipo tsopano watopa kupopa."

"Sitingaumasule msoko, adokotala?"

"Mwachedwa nawo, bambo. Tingouthandiza."

Sanadandaule. Lamulungu lotsatira anaimirira m'tchalitchi atagwirira benchi, akupumira pakati pa mawu. "Abale, Mulungu sanandipemphe zimenezi. Ndinadzilamula ndekha. Salani ndithu, koma mankhwala imwani."

Anakhalabe nafe zaka ziwiri, akusoka ndi singano ya pamanja poti miyendo inali itakana makina. Anatisiya Lachisanu masana, atatsamira mapilo atatu, akazi awo, mchemwali wanga, akuwawerengera salmo. M'mawa mwake anali atamwa piritsi lawo.

Maliro atatha, mchemwali wanga anandipempha kuti ndilongedze makina aja. Nditatsegula kabati, mapiritsi anali mbwee pakati pa mabatani, ena atasanduka ufa. Ndinakhala pansi n'kulira, chifukwa lililonse mwa iwo ndinaliombera m'manja.

Nane matendawa anandipeza chaka chatha, ndipo nane ndimasala. Lero ndi Lachisanu. Alamu, langa ndamwa.